Kodi Sikelo Ili M'manja mwa Yani?

Tsiku lina la msika pa Nsaru, tili kubisala dzuŵa pakhonde la kanyumba kotchajirako mafoni, tidamva mkangano umene sudatichoke m'mutu kufikira lero. Okanganawo adali atatu. Mnyamata wa kabaza ankati Facebook ndi WhatsApp ndi mphatso kwa ife osauka, popeza palibe amene adamlipitsapo ngakhale tambala imodzi kuti alembetse dzina lake. Mkulu wina wa imvi, amene adadzalandira ndalama zochokera kwa mwana wake ku Johannesburg, adangopukusa mutu nati, "Mwana wanga, chaulere ndidachiona kamodzi, paesiteti, ndipo ndidachilipira zaka zinai." Wachitatu adali mphunzitsi. Iyeyu adatseka nkhani ndi liwu limodzi lalitali. Adati, "Zonsezi ndi kapitolizimu basi." Anthu adaseka, aliyense natenga foni yake, nabalalika.

Mau otereŵa timaŵamva kaŵirikaŵiri masiku ano, pamaliro, pachigayo, ngakhale panja pa tchalitchi mapemphero atatha. Ife tikuti mau a mnyamata uja ngolakwa. Mau a mphunzitsi ngoona, koma ali ngati chivundikiro: ukangoŵatchula, mphika watsekedwa, ndipo palibenso amene amasuzumiramo kuti aone chimene chikuŵira. Amene adayandikira pamene pagona nkhani ndi mkulu uja, ngakhale kuti foni yakeyo ndi yamabatani ndipo uthenga amachita kumŵerengera adzukulu.

Kuno kwathu tisamachite ngati ulamuliro wa eni mpamba ndi nkhani ya m'mabuku. Tidaulima ndi manja athu. M'chaka cha 1920 azungu aŵiri, A. F. Barron ndi R. W. Wallace, adatsegula minda ya fodya ku Mbabzi ndi ku Lingadzi. Nzeru yao yaikulu siidali yolemba anthu ntchito ya pamwezi ai. Iwo ankagaŵira anthu mbande, naŵaphunzitsa kasamalidwe ka fodya wa chikopa, kenaka nkumagula fodyayo. Patangopita zaka zoŵerengeka, alimi a fodya m'chigawo chino adachuluka kotero kuti mu 1926 boma la atsamunda lidakhazikitsa bungwe la Native Tobacco Board kuti liziyang'anira ulimiwo ndi misika yake. Pambuyo pake, makamaka m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, maesiteti a fodya wa bale adaŵanda, ndipo nawo utenanti udaŵanda.

Amene adakhalapo tenanti safunika kumfotokozera. Mwini esiteti amakupatsa malo, mbeu, feteleza, khasu, ndi chimanga chodya. Pa tsiku lolandira sutulutsa ndalama, ndipo mlendo wongoonerera angathe kunena kuti anthuŵa ali pamwai. Koma zonse zimaloŵa m'buku, ndipo bukulo limasungidwa kuofesi. Fodya akauma m'chigafa, amene amatchula giredi ndi mwini esiteti. Amene amagwira sikelo ndi kapitao wake. Amene amanena mtengo ndi iye yemwe, ndipo kugulitsa kwina ndi mlandu. Tenanti amadziŵa fodya kuposa bwana wake, koma sadziŵa chimene chalembedwa m'buku. Sitikunena kuti eni maesiteti onse adali anthu oipa mtima. Ena adali achifundo ndithu. Koma chifundo cha munthu amene wagwira sikelo, buku ndi chipata nthaŵi imodzi, wolandirayo sangachiŵerengere, pakuti maŵa chingathe kusintha popanda woti umfunse. Nyumba ya Malamulo idathetsa utenanti mu 2021, patapita zaka zambiri anthu akudandaula.

Tsono tiyeni tiyang'ane foni ili m'thumba mwathumu ndi maso a tenanti.

Facebook idayamba mu 2004, ndipo mwini wake wamkulu ndi Mark Zuckerberg wa ku America. Mu 2012 kampani yake idagula Instagram, ndipo mu 2014 idagula WhatsApp pa mtengo wa madola pafupifupi 19 biliyoni. Kuyambira 2021 kampaniyo imatchedwa Meta. YouTube idagulidwa ndi Google mu 2006. Twitter idagulidwa ndi munthu mmodzi, Elon Musk, mu 2022 pa madola 44 biliyoni, ndipo iye adachotsa antchito ambiri, nasintha malamulo, nasinthanso ndi dzina lomwe kukhala X, osafunsa anthu mamiliyoni amene ankalembapo.  Munda udali wake.

Munthu wanzeru sataya madola 19 biliyoni kuti agule chinthu choti azigaŵa ulele. Pali mbeu imene ikukololedwa, ndipo mbeuyo ndi maso athu ndi nthaŵi yathu. Pafupifupi ndalama zonse zimene Meta imapeza zimachokera kwa otsatsa malonda. Otsatsawo amalipira chifukwa kampaniyo imatidziŵa: msinkhu wathu, dera lathu, abwenzi athu, zimene timaima nkuyang'anitsitsa ndi zimene timangodumpha. Zithunzi za ukwati, mauthenga a maliro, nyimbo ya kwaya yathu, nthabwala za achinyamata, zonsezi timalima ndife, ndipo ndizo zimakopa anzathu kuti abwere adzaone. Malo tapatsidwa, khasu tapatsidwa, pa tsiku lolembetsa sitidatulutse ndalama. Koma giredi amatchula ndi makina a kampani, amene amasankha kuti nkhani iyi ionedwe ndi anthu zikwi, iyo ionedwe ndi anthu asanu. Kasankhidwe kake sitikadziŵa, ndipo kampani ingathe kukasintha usiku umodzi. M'chinthu chimodzi tenanti wakale adatiposa: iye sankalipira poloŵa pachipata cha esiteti, pamene ife timayamba tagula bandulo.

Mnyamata wa kabaza angayankhe kuti ilipo nthaŵi imene ngakhale banduloyo siinkafunika. Nzoona. Mu 2015 Facebook idabweretsa m'Malaŵi muno njira yoti munthu aloŵe pa Facebook ndi pamasamba ena oŵerengeka popanda mayunitsi. Ambiri tidakondwa. Koma masambawo ankavomereza ndi kampani yomweyo, ndipo ochuluka mwa ife tidakula tikuyesa kuti Facebook ndiyo intaneti yonse, monga mwana wobadwira paesiteti amayesa kuti dziko limathera pamalire a bwana. Ku India boma lidaletsa njira yomweyo mu 2016, ponena kuti wogulitsa intaneti asamasankhire anthu makomo oti aloŵepo ulele ndi makomo oti alipire.

Pa 4 October 2021, Facebook, WhatsApp ndi Instagram zidazima pa dziko lonse kwa maola pafupifupi asanu ndi limodzi, chifukwa cha cholakwa cha amisiri ao ku America. Amene amagulitsa kaunjika potumiza zithunzi, amene ankadikira uthenga wa wodwala, gulu la banki m'khonde limene linkapangana za msonkhano, onse adangoti kakasi. Palibe mfumu, phungu kapena nduna ya kuno imene ikadatha kuchitapo kanthu. Ndipo zimachitikanso kwa munthu mmodzimmodzi. Tikudziŵa mai wina wosoka zovala amene tsamba lake lidatsekedwa m'maŵa wina, pamodzi ndi maina a makasitomala amene adaŵasonkhanitsa kwa zaka zitatu. Adalibe bwalo lokadandaulako. Adangolandira mau a Chingerezi olembedwa ndi makina. Paja akulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo.

Apa mphunzitsi uja angaombe m'manja nkunena kuti tamvomereza. Ai, sitidamvomereze. Liwu lake lija limaphimba zinthu ziŵiri zosiyana. Mai wogulitsa tomato pa Mpingu nayenso ali ndi mpamba, amafuna phindu, ndipo amakweza mtengo tomato akasoŵa. Koma iyeyo satiwopsa, chifukwa tikakana mtengo wake timapita pa mulu wa mnzake. Malonda si tchimo. Chimene chidapweteka tenanti si phindu la bwana, koma kusoŵa kwina kopita.

Ndipo amene amati boma lingotenga zonse kuti eni mpamba achite manyazi, aiŵala msanga. Ife a zaka zambiri tikukumbukira nthaŵi imene wogula mbeu za mlimi wamng'ono adali mmodzi yekha. ADMARC idakhazikitsidwa mu 1971, ndipo inkagula fodya, mtedza ndi thonje pa mtengo wotsika nkukagulitsa pa mtengo wokwera. Phindu lambiri silidabwerere kumudzi, lidakakuza maesiteti ndi makampani. Mlimi wa pamunda wa makolo ankaletsedwa ndi lamulo kulima fodya wa bale kufikira 1990. Sikelo idali ya boma, koma idali imodzi ndithu. Wailesi nayonso idali imodzi, MBC, ndipo kuyambira 1968 padali bungwe loletsa mabuku, nyimbo ndi mafilimu. Wailesi ya kanema tidaiona mu 1999. Pamene kalata ya maepiskopi idaŵerengedwa m'matchalitchi pa 8 March 1992, boma lidati kupezeka nayo ndi mlandu, ndipo nyumba yosindikizira ya ku Balaka kumene idasindikizidwa idatenthedwa. Kalatayo idayendabe, chifukwa idali itafika kale m'manja ambiri, ndiponso chifukwa cha makina a fotokope ndi a fakisi amene adali m'maofesi osiyanasiyana. Kutentha nyumba imodzi nkosavuta. Kulonda makina mazana ang'onoang'ono okhala ndi eni ake osiyana, boma lidalephera.

Si zakale zokha. Mu January 2021 boma la Uganda lidazimitsa intaneti pa nthaŵi ya chisankho, ndipo mu August chaka chomwecho, pa tsiku la chisankho ku Zambia, WhatsApp ndi Facebook zidatsekedwa. Kuchotsa sikelo m'manja mwa bwana mmodzi nkuipereka kwa bwana wina mmodzi, tenanti amakhalabe tenanti.

Nanga ilipo njira ina? Ilipo, ndipo amai athu amaigwira ndi manja m'maŵa uliwonse. Mjigo umene uli m'midzi yambiri kuno, wotchedwa Afridev, udayambira m'Malaŵi momwe muno kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1980, ukutchedwa Maldev, ndipo udakakonzedwanso bwino ku Kenya. Amisiri ake adachita zinthu ziŵiri zachilendo. Poyamba, adaupanga moti anthu a m'mudzi, ndi sipanala imodzi ndi kachitsulo kokoŵera, angathe kuutsegula, kusolola ndodo zake, kusintha mphira zotha, nkuubwezera osaitana galimoto ya boma. Chinanso, mapulani ake sadaŵatsekere m'kabati. Ngoti aliyense aŵaone, ndipo kampani iliyonse yotsata muyeso wake ingathe kupanga mjigowo kapena zipangizo zake. Nchifukwa chake opanga alipo ambiri, ena ku India, ndipo mphira yogula m'sitolo ina imaloŵa pa mjigo wogula kwina. Opangawo amapeza phindu, ogulitsa zipangizo amapeza phindu, mmisiri wa m'dera amalandira kangachepe. Malonda alipo. Chimene palibe ndi munthu mmodzi woti akakwiya, mudzi wonse ugone ndi ludzu.

Zimene ophunzira amatcha luso lotseguka ndi zomwezi, kungoti zachitikira pakompyuta. Pulogalamu iliyonse ili ndi malangizo olembedwa amene imayendera. Kampani zambiri zimabisa malangizowo. Koma alipo amisiri ena amene amaŵaika poyera, kuti aliyense wodziŵa aŵaŵerenge, aŵakonze, aŵasinthe kuti agwirizane ndi kwao, ndi kugaŵirako ena.

Izi tidaziona pafupi pompano. Chipatala cha St Gabriel ku Namitete, chimene masisitere a Chikarimeli ochokera ku Luxembourg adachiyamba mu 1959, chimatumikira anthu a midzi yotalikirana kwambiri. Anthu odzipereka othandiza odwala m'midzimo ankayenda mitunda yaitali, wapansi kapena panjinga, kungoti akanene kuti wakutiwakuti wafooka kapena mankhwala atha. Mu 2008 mnyamata wina wophunzira ku America, Josh Nesbit, adabwera ndi mafoni akale ogwiritsidwapo kale ntchito, kompyuta imodzi ya m'manja, ndi pulogalamu yotchedwa FrontlineSMS, imene Ken Banks adailemba mu 2005 naipereka ulele kwa mabungwe othandiza anthu. Pulogalamuyo siinkafuna intaneti. Inkangolandira ndi kutumiza mauthenga wamba a pafoni, nkuŵasunga pakompyuta ya chipatala chomwecho. Odzipereka 75 adalandira mafoni naphunzitsidwa. Pa miyezi isanu ndi umodzi, chipatala chidapulumutsa maola a ntchito oposa 2,000 amene akadathera pamseu, ndipo chiŵerengero cha odwala chifuŵa chachikulu amene chinkatha kuŵasamala chidaŵirikiza kaŵiri. Ntchito imene idayambira pa Namitete idabala bungwe la Medic Mobile, ndipo mapulogalamu ake, amene ngotseguka, adafika mpaka ku Kenya ndi ku Nepal.

Tiyenera kuonetsetsa chimene chidachitika pamenepo, chifukwa nkhaniyi ikamakambidwa kunja imasanduka ya mlendo wobwera ndi kalumo kakuthwa. Kalumo adabwera nako ndithu, ndipo tiyenera kuthokoza. Koma mafoni adali otha, kompyuta idali imodzi. Chuma chenicheni chidali anthu odziperekawo, amene adalipo kale, odziŵa khomo lililonse ndi wodwala aliyense. Pulogalamu idangoŵafupikitsira ulendo. Siidaŵasandutse mbeu yokolola, siidaŵaonetse malonda, ndipo buku lidatsala kuchipatala. Chimodzimodzinso ku chipatala chachikulu cha mu Lilongwe, kumene kuyambira 2001 gulu la Baobab lidayamba kupanga makompyuta ongokhudza ndi chala olembera odwala, pa mapulogalamu otseguka, ndipo achinyamata a Chimalaŵi adaphunzirirapo umisiri mpaka kumalemba okha.

Komabe tingakhale osaona mtima tikapanda kudzudzulanso okonda luso lotsegukali, pakuti ena mwa iwo amalankhula ngati apeza mankhwala a nthenda zonse. Yendani kuchokera ku Kabudula kukafika ku Nambuma, muŵerenge mijigo yakufa. Mapulani ake ngotseguka monga kale, sipanala ilipo, koma komiti idabalalika, msungichuma adadya ndalama za mphira, amene adaphunzitsidwa kukonza adakwatiwa kutali. Chotseguka si chaulere. Chimafuna msonkhamsonkha, chimafuna wina woti aziyankha mafunso pamsonkhano, chimafuna kuphunzitsa ana. Esiteti imakopa chifukwa imatichotsera mtolo umenewu: bwana ndiye amaganiza zonse. Tivomere kuti WhatsApp imagwira bwino ntchito, ndipo agogo osadziŵa kulemba amatha kutumiza mau ao ku Johannesburg pongodina kamodzi. Zotseguka zambiri sizidafike pofeŵa chotero, ndipo malangizo ake ali m'Chingerezi. Kuuza munthu wa kwa Chitukula, amene amalipira kuti atchajitse foni ndipo amaŵerengera bandulo ngati mchere, kuti ali ndi ufulu woŵerenga malangizo a pulogalamu, kuli ngati kumpatsa makiyi a galimoto imene alibe.

Ndiponso mau akuti "chotseguka" eni mpamba adaŵaphunzira. Android, imene imayendetsa mafoni ambiri a kuno, maziko ake ngotseguka, koma sitolo ya mapulogalamu, mapu ndi zina zimene timagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku nza Google. Mpanda udagwetsedwa, koma chitsime chili m'bwalo la mwini.

Pali chinanso chimene chimatichititsa manyazi ife eni chilankhulo. Wikipedia ndi nkhokwe ya nzeru imene aliyense angathe kulembamo, ndipo ilibe otsatsa malonda. Ya Chingerezi ili ndi nkhani mamiliyoni. Ya Chicheŵa, chilankhulo cha anthu mamiliyoni ambiri m'Malaŵi, Zambia ndi Mozambique, nkhani zake nzochepa zedi. Pamenepa palibe bwana amene watitsekera chipata. Munda uli poyera, ngwa tonse, ndipo wamera thengo. Aphunzitsi athu, ophunzira athu a kusekondale, ife tomwe olemba m'magazini, timatha maola tikulima kwa Zuckerberg, koma mbiri ya Nambuma, kalimidwe ka fodya wa chikopa, maina a mitengo ya m'dambo la kwathu, sitidalembe. Mphunzitsi wa pa Nsaru uja, amene amadziŵa kutchula kapitolizimu, akadatha kulembamo nkhani imodzi pa mwezi.

Sitikuuza munthu kuti ataye foni. Ifenso tili nayo, ndipo gulu la mphakati wathu limapangana pa WhatsApp. Tenanti wanzeru sankathaŵa paesiteti usiku opanda kopita, koma ankasunga kamunda kake kumudzi, ndipo ankalemba payekha matumba a feteleza amene walandira, kuti pa tsiku loŵerengera asangoti inde. Mai wosoka uja tsopano ali ndi kope la sukulu m'mene amalemba dzina ndi nambala ya kasitomala aliyense. Mlembi wa mphakati wathu wachitanso chimodzimodzi, ndipo chimene chagwirizanidwa pafoni amachilembanso m'buku la msonkhano.

Masiku ano mabungwe amabwera m'midzi ndi matabuleti, kudzalemba maina a alimi, a amai oyembekezera, a ana a sukulu, kujambula nkhope ndi kutenga manambala a zitupa. Amabwera ndi zabwino, ndipo timaŵalandira ndi nyimbo. Kuyambira 2024 dziko lino lili ndi lamulo loteteza mbiri ya munthu yosungidwa m'makina, koma lamulo siliyenda lokha kukafika pansi pa mtengo wa msonkhano. Mwezi wathawu, pa msonkhano wina wotere, mai wina wa m'komiti ya mjigo adaimirira alendo atatha kulankhula. Adapepesa kwa mfumu, nafunsa kuti mainawo akasungidwa kuti, ndani adzaŵaona, ndipo pulojekiti ikadzatha, makinawo akadzafa, adzakonza ndani. Alendowo adayang'anana. Wamkulu wao adati funsolo nlabwino, ndipo adzabwera ndi yankho ulendo wotsatira. Mfumu idauza mlembi kuti alembe tsiku limene alonjezalo.